Mfuti Imene Tinkaitcha Apongozi

Anthu a kwathu kuno akamanena za ulendo wanga wa ku Kongo amati ndinapita kunkhondo. Ine ndimati ndinapita kuntchito, monga mmene agogo anga anapitira kumigodi ya ku Joni. Iwo ankanyamula chitsulo choboolera miyala pansi pa nthaka, ine ndinkanyamula chitsulo changa pamwamba pa mapiri, ndipo tonse tinabwerako ndi msana wodandaula.

Ndinakulira padoko laling'ono pafupi ndi Chipoka. Bambo anga anali ndi boti la matabwa ndi injini yakale, ndipo poti akuba injini anali ambiri, sitinkaisiya kumadzi. Tikabwerako kokoka chilimira, ndinkaimasula n'kuiika paphewa, ulendo wa kunyumba kudutsa mumchenga wotentha. Ntchito imeneyo ndinaiyamba ndevu zisanamere. Ndiye nditalowa usilikali, tsiku logawa zida litafika, Sajeni Mkwanda, amene ankayang'anira kagulu kathu ka anthu khumi, anayenda pamzere akutiyang'ana ngati munthu wogula ng'ombe pamsika. Atafika pa ine anandigwira phewa n'kulifinya.

"Iwe, kwanu unkagwira ntchito yanji?"

"Usodzi, Asajeni."

"Phewa ili si la usipa. Unkanyamula chiyani?"

"Injini ya boti, Asajeni."

"Basi, wapeza injini ina."

Anzanga onse analandira mfuti zopepuka zija za magazini. Ine anandipatsa mashinigani, yaitali, ya miyendo iwiri kutsogolo, yodya zipolopolo zolumikizana palamba ngati mikanda. Pakagulu kalikonse imakhala imodzi yokha. Asajeni anandiuza kuti ntchito yake yaikulu si kusaka munthu mmodzimmodzi ayi, koma kuchititsa adani kubisa mitu pansi kuti anzako athe kusuntha. Anawonjezera kuti adaniwo nawonso amadziwa zimenezo, choncho munthu woyamba amene amamufuna ndi woigwirayo. Ananena akumwetulira, ngati akundiuza kuti ndawina njinga.

Mfuti yotere munthu saiyendetsa yekha. Wachiwiri wanga anali Limbikani, mwana wa mlimi wa ku Chitala, wamfupi, wolongolola, woimba besi mukwaya ya kutchalitchi kwawo. Iye ankanyamula malamba a zipolopolo ndi mpope wa mfuti wapadera, woti tisinthe wina uja ukatentha. Pogona pansi malo ake anali kumanzere kwanga, kumene lamba amalowera. Ndiye amene anaipatsa dzina mfutiyo.

"Achimwene, awatu ndi apongozi," anatero tsiku lina tikuipukuta. "Kuwanyamula, amalemera. Ukapanda kuwasamala tsiku limodzi lokha, akwiya. Ndipo akayamba kulankhula, mudzi wonse umagona pansi."

Kuyambira pamenepo ngakhale Asajeni ankafunsa kuti, "Apongozi adzuka bwanji?"

Asajeniwo anali ndi njira yawoyawo yophunzitsira kuomba. Ankati ukakoka chala unene mumtima kuti "mpunga wa ku Lifuwu", ukamaliza mawuwo usiye, upume, uyambirenso. Wokoka osasiya, ankatero, amangowotcha mpope n'kutaya zipolopolo kwa akhwangwala. Mpaka lero ndikaona mpunga pamsika chala changa chimagwedezeka chokha.

Mayina a opita ku Kongo kukasungitsa mtendere atatuluka, langa ndi la Limbikani anali pomwepo. Nthawi imeneyo mwana wathu Zainabu anali atangoyamba kuyenda mogwira makoma. Mkazi wanga Mwanaisha analira tsiku limodzi, lachiwiri anayamba kundikazingira utaka woti ndinyamule. Bambo anga anandiperekeza mpaka padepoti ya maminibasi kuboma. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, nati, "Allah akusunge, mwana wanga." Minibasi itayamba kuyenda anathamangira pazenera, ine n'kumaganiza kuti pali mawu ena aakulu. "Ukakapezako mbedza zabwino ugule!" Mbedzazo sindinazipeze. Kumene anatiika kunali mapiri okhaokha.

Mundege Limbikani anaimba nyimbo za kutchalitchi kuyambira ponyamuka mpaka potera, maso ali chitsinzinire, atagwira bondo langa. Titatsika anati sanaope ngakhale pang'ono, ankangotipempherera ife.

Msasa wathu unali wa matenti, pamwamba pa phiri, pafupi ndi mudzi wina waukulu. Ine munthu wa kumchenga sindinkadziwa kuti padziko pali matope otere. Mvula inkagwa ngati yaiwala kusiya, ndipo kuzizira kwake kunkalowa m'mafupa. Apongozi sankagwirizana nayo nyengo imeneyo. Ukawapukuta lero, mawa upeza dzimbiri layamba kale kufiira m'makona. Choncho m'mawa uliwonse tinkayala chinsalu, n'kuwamasula chidutswachidutswa, ine kupala mwaye, Limbikani kupaka mafuta ndi kutsuka malamba ndi kaburashi, uku akundisimbira za atsikana onse a ku Chitala amene akuti ankamulirira.

Chakudya chinalipo chokwanira, koma ndiwo zake zinali nsomba za m'chitini. Kwa mwana wa msodzi chimenecho ndi chipongwe. Utaka wa Mwanaisha utatha, amene anandipulumutsa anali Mama Furaha, mayi wamkulu thupi, wa mawu ngati wenzulo, amene ankagulitsa tinsomba touma, nthochi ndi mapeyala kunja kwa geti. Kumeneko amalankhula Chiswahili. Ine ndinkachidziwa pang'ono, cha kumadrasa ndi cha amalonda obwera padoko, moti posakhalitsa ndinasanduka womasulira wa kagulu kathu.

Tsiku loyamba kupita ndi Limbikani kukagula mapeyala, Mama Furaha anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumufunsa kuti, "Uko na bibi?"

Limbikani anadzidzimuka, nayang'ana pansi pa nsapato zake, kenako anadzinunkhiza. "Achimwene, mayiwa akuti chiyani? Ndaponda?"

Ndinaseka mpaka kukhala pansi m'matope. Nditapeza mpweya ndinamuuza kuti kumeneko bibi ndi mkazi wapanyumba, akungofunsa ngati ali wokwatira. Nditawamasulira Mama Furaha tanthauzo la mawuwo kwathu, anaseka mpaka dengu la nthochi linagubuduka. Kuchokera tsiku limenelo Limbikani ankalandira peyala limodzi laulere, ndipo mudzi wonse unkamufunsa funso lomwelo akamadutsa.

Mwezi wa Ramazani unatipeza tikuyenda maulendo aatali olondera m'mapiri. Ndinkadziwa kuti wapaulendo amaloledwa kudzabweza swaumu, kusala kudya kwathu, pambuyo pake, koma mtima wanga sunafune. Tsiku lachitatu, dzuwa litapendeka, ndinayamba kutsalira m'mbuyo pachitunda. Limbikani anaona.

"Bweretsani apongozi kuno, achimwene. Inu tengani katundu wangayu, ngwopepuka."

Tinasinthana. Nditangoponya chikwama chake kumsana ndinatsala pang'ono kugwa chagada. Malamba aja ndi mpope uja zinali zolemera kuposa mfutiyo. Munthuyu ankadandaula za katundu wake tsiku lililonse, koma poti ankadandaulanso za mvula, za nsapato ndi za tiyi, palibe amene ankamukhulupirira. Anandisiya ndiyende mapazi makumi angapo ndikupuma ngati ng'ombe yangolo, kenako anaseka, n'kutenga zonse ziwiri, mfuti paphewa chikwama kumsana, mpaka pamwamba pa chitunda. Mwezi wonsewo ankandisungira gawo langa la chakudya chamasana m'kambale kotseka kuti ndidzafuturu nalo pomasula kusala dzuwa likalowa. Nanenso Lamulungu ndinkamulowera pageti kuti apite kumapemphero.

Zaka zonse za usilikali wanga, apongozi ndinawalankhulitsa pa anthu kamodzi kokha.

Zinayamba ndi nyemba. Minda ya anthu a m'mudzi uja inali kuseri kwa phiri lina, m'mphepete mwa nkhalango, ndipo m'nkhalangomo munali zigawenga. Nyemba zikacha, zigawengazo zinkatuluka kudzalanda zokolola, nthawi zina n'kutenga ndi amayi omwe. Chaka chimenecho nyemba zinabereka kwambiri, koma zinkangoumira m'munda, anthu akuopa. Mama Furaha anabwera pageti opanda dengu, nandiuza kuti ndikawauze akuluakulu athu mawu awa: ngati tinabwera kudzalondera matenti athu okha, tinene, iwo apita okha kukakolola. Ndinamasulira monga momwe ananenera, osachotsa kanthu. Patapita masiku awiri, lamulo linatuluka loti tiwaperekeze.

Tinanyamuka m'mawa, amayi ambirimbiri ndi madengu ndi matumba, ife m'mbali mwawo. Mundawo unali wotsetsereka. Kumtunda kwake kunali nkhalango, kumunsi kunali khwawa lakuya. Asajeni anatiika ine ndi Limbikani pachulu china chapambali, pamene tinkaona munda wonse ndi m'mphepete monse mwa mitengo. Ndinatambasula miyendo ya apongozi, Limbikani anaika lamba, tinagona. Amayi anayamba kuzula nyemba akuimba. Dzuwa linatuluka, nthunzi ikukwera m'nthaka. Limbikani anali akutafuna nzimbe, akuyesa kuikira besi nyimbo imene sankaidziwa.

Chakumasana mbalame zinabuka zonse pamodzi kumitengo kuja. Ndisanatsegule pakamwa, mfuti zinalira.

Nyimbo inasanduka mfuu. Asajeni anakuwa kuti amayi onse athamangire kukhwawa, ndipo anzathu a mfuti zopepuka anayamba kuwakusa ngati nkhuku, ena kuwakoka pamkono. Ine ndinali nditaona kale pamene utsi unkatulukira, pansi pa mtengo wina wakugwa. Ndinatsamiritsa tsaya, ndinakoka. Mpunga wa ku Lifuwu. Ndinasiya. Mpunga wa ku Lifuwu. Makungwa ankauluka pamtengo paja, ndipo kuomba kwawo kunachepa.

Munda unali utatsala pang'ono kuyera pamene Limbikani anandimenya paphewa. "Achimwene, taonani uko!"

Munthu mmodzi ankathamanga mobwerera, kukwera chakunkhalango. Anali Mama Furaha. Kumtunda kwa munda kunali kamtengo ka nthochi, ndipo pamthunzi pake mwana wawo wamkazi anali atagoneka khanda pansalu. M'chipwirikiti chija mtsikanayo anakokeredwa kukhwawa ndi asilikali amene sankamva zimene ankakuwa. Agogo ake a mwanayo sanafunse munthu.

"Atseke pakamwa a m'nkhalangowo!" anakuwa Asajeni. "Asadzutse mutu ngakhale mmodzi mpaka mayiyo abwere!"

Tsono Mama Furaha anali pakati pa ine ndi nkhalango. Kuti ndifikire mtengo wakugwa uja, zipolopolo zanga zinayenera kudutsa pamwamba pa mutu wawo. Ndinati Bismillah, ndinakweza pang'ono, ndinakoka. Ndinene zoona, za mpunga ndinaiwala. Ndinkangoona nsalu yawo yachikasu ikukwera phiri, ndipo chala changa chinakana kusiya. Limbikani ankalumikiza lamba pa lamba, makoko a zipolopolo akuwunjikana pansi pa chigongono changa. Kenako ndinaona mpweya ukuvina pamwamba pa mpope, utsi ukutuluka, fungo la mafuta opserera.

"Mpope!" Limbikani anakuwira m'khutu mwanga. "Muwapha apongozi! Siyani tisinthe!"

Ndinasiya. Mpope uli ndi chogwirira chake, ndipo kusintha kwake tinali titayeserera kosawerengeka. Koma tsiku limenelo wotenthawo unakakamira, wosafuna kutuluka. Chete amene anagwa pamenepo sindidzamuiwala. A m'nkhalango aja anadziwa kuti mfuti yaikulu yaima, ndipo onse anatembenukira pachulu pathu. Dothi linkandithovokera m'kamwa. Mama Furaha anali atafika panthochi paja, atagwada. Limbikani anagwedeza chogwirira kawiri, osatheka. Kachitatu anagwira chitsulo chenichenicho ndi dzanja lamanja, nachikankha. Ndinamva kulira kwa khungu lake ngati nsomba yoponyedwa m'mafuta. Sanakuwe. Analowetsa mpope watsopano, nandimenya pachisoti.

Ulendo uno ndinawerenga mpunga wanga bwinobwino, mokweza, ngati mwana wa sukulu. Limbikani ankagwira lamba ndi dzanja lamanzere, linalo atalipana m'khwapa, nayenso akunena nane pamodzi. Mama Furaha anatsika munda uja chowerama, khanda atalikumbatira pachifuwa. Atafika pakati anaima. Ndinaganiza kuti alasidwa. Ayi ndithu. Anatola thumba la nyemba limene wina anataya, analiika pamutu, n'kupitiriza ulendo mpaka kukhwawa.

Posakhalitsa tinamva galimoto yathu yankhondo ikubangula kumsewu wa kumunsi, ndipo a m'nkhalango aja anathawa. Kaya ndinalasa munthu tsiku limenelo, sindidziwa. Anzathu atapita kukaona anangopeza nsapato imodzi ndi mtengo uja utasanduka zibenthu. Ndimaipempherera nkhani imeneyo mpaka lero, ndipo ndimathokoza kuti sindinaone nkhope ya aliyense.

Kwathu sikunafe munthu. Asajeni okha ndiwo anatiopsa. Titasonkhana kukhwawa anagwira ntchafu, napeza buluku lanyowa mpaka m'bondo. Anakhala pansi mwaulemu, naitana wachipatala ndi mawu a munthu wotsanzika. Wachipatala anang'amba buluku, anafufuza, osapeza bala. Chipolopolo chinali chitaboola botolo lawo la madzi. Palibe anaseka pamaso pawo, koma kwa mwezi wathunthu aliyense wodutsa pafupi nawo ankawafunsa ngati ali ndi ludzu.

Mama Furaha anabwera pamene wachipatala ankamanga dzanja la Limbikani. Anayang'ana chikhatho chija, nayamba kumukalipira m'Chiswahili, misozi ikutsika. Limbikani anandifunsa zimene ankanena.

"Akuti ndiwe chitsiru. Akutinso ukafuna mkazi, m'mudzi muno usankhe wekha."

"Auzeni kuti ndiyamba ndaona kaye ngati nyembazo n'zokoma."

Masiku otsatira tinabwerera kumundako ndi asilikali ochuluka, mpaka nyemba zonse zinalowa m'mudzi. Amayi anatiphikira mphika waukulu, wothira mafuta ofiira a kanjedza, ndipo Limbikani anadya mbale zitatu ndi dzanja lamanzere. Kwa masabata angapo ndinkamumangira zingwe za nsapato ndi kumulembera mauthenga pafoni. Ndi mmene ndinadziwira kuti mwa atsikana onse aja a ku Chitala, weniweni anali mmodzi yekha, ndipo ndi amene ali naye lero. Dzanjalo linapola, kungoti chikhatho chinatsala chosalala ngati cha khanda. Ine ndinatsala ndi khutu lamanzere lolira ngati nyenje.

Ulendo wathu unayenera kukhala wa chaka chimodzi, koma otilowa m'malo anachedwa, miyezi n'kumangowonjezereka. Ndalama ndinkatumiza kwa Mwanaisha. Netiweki ikakhala bwino, ndinkakwera pamwamba pa matumba a mchenga n'kuimba foni ya kanema, kuti ndione nkhope zawo. Ndikafunsa zimene akuchita nazo ndalamazo, ankangoti, "Mudzaona mukadzabwera, bambo a Zainabu."

Tsiku lobweza zida, ndinawapukuta apongozi komaliza, n'kuwapereka kosungira. Limbikani anawagwadira mwaulemu wonse, akuomba m'manja. Potuluka pamenepo ndinkayenda chopendekera, phewa likusowa mnzake.

Kuchokera ku Lilongwe tinakwera minibasi imodzi. Titayamba kutsika mapiri, kutentha kwa kwathu kunatilandira pazenera, milambe n'kuyamba kuoneka. Limbikani anatsika panjira yolowera ku Chitala. Tinalonjezana zambiri, ndipo zina tinasunga: chaka chilichonse iye amanditumizira chimanga, ine ndimamutumizira usipa.

Padepoti kuboma ndinatsitsa zikwama zanga n'kuyamba kuyang'ana galimoto ya ku Chipoka. Njinga yamoto inaima patsogolo panga, kumbuyo itamangirira bokosi lalikulu loziziritsira nsomba. Woyendetsayo anali ndi chisoti chotseka nkhope.

"Pepani akabaza," ndinatero, "katundu wangayu sakwana panjinga."

"Katunduyo akwera minibasi. Inu kwerani kuno."

Mawuwo ndinawadziwa chisoti chisanavulidwe. Anali Mwanaisha. Pamene ine ndinkakwawa m'matope, iye anagula firiji ya sola ndi njingayo, naphunzira kuyendetsa, n'kuyamba kugula chambo padoko m'mawa kukagulitsa kumalo ogona alendo ndi kuboma. Anamasula bokosi n'kulikweza pamodzi ndi zikwama, ine ndinakhala kumbuyo kwake. Msilikali wobwera kunkhondo ndinalowa m'mudzi nditagwira mkazi wanga m'chiuno, ndikumupempha kuti achepetse liwiro, anthu akuimba nthungululu.

Kunyumba ndinapeza denga la malata. Bambo anga anali atasiya kupita kunyanja, boti atapatsa mng'ono wanga, iwo atavala magalasi atsopano, akulamula aliyense ali pampando. Onse anandikumbatira. Mmodzi yekha ndiye anakana. Zainabu, amene ndinamusiya akugwira makoma, tsopano anali kamtsikana kolankhula ngati wailesi. Anabisala kuseri kwa chitenje cha amake, akundisuzumira ndi diso limodzi.

"Pita kwa abambo ako," anatero Mwanaisha.

"Amenewa si abambo anga. Abambo anga ali mufoni."

Anthu anaseka, nanenso ndinaseka, koma zinandilowa. Ndinamupatsa nsapato zimene ndinamugulira, analandira kudzera mwa amake. Ndinamupatsa bisiketi, anati, "Zikomo amalume." Masiku atatu anatha choncho. Ndikakhala pakhonde, iye ankazungulira kutali ngati pali galu woluma.

Tsiku lachinayi m'mawa, Mwanaisha atabwerako kokagulitsa nsomba, ndinamunong'oneza kuti akhale pakhonde ndi mwanayo, foni ili m'manja. Ine ndinazemba kupita kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thandala loyanikira usipa, n'kuimba foni ya kanema. Ndinamva kufuula kwake kuchokera komweko.

"Abambo! Amayi, abambo aimba!"

Nkhope yake inadzaza foni yanga. Anayamba kundiuza zonse mwakamodzi: kuti ali ndi nsapato zatsopano, kuti mbuzi yaswa, kuti kunyumba kwabwera munthu wina wamtali amene amadya kwambiri.

"Munthuyo ndi wabwino?" ndinafunsa.

"Kaya. Samva. Ukamuyankhula amati, 'Ati?'"

"Zainabu, ukufuna ndibwere kumeneko?"

"Eee!"

"Usachotse maso pafonipo. Ndikubwera."

Ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono, ndikulankhula nayebe. Ndinadutsa pakhitchini, ndinakhota pakona ya nyumba, mpaka ndinaima patsogolo pake. Mawu anga ankatuluka kawiri, mufoni ndi pakamwa. Anayang'ana foni, anayang'ana ine. Anayang'ananso foni, naitembenuza kuti aone kumbuyo kwake. Ndinagwada pamchenga. Anabwera pafupi, nandigwira mphuno, kenako ndevu.

"Mwatuluka bwanji?"

"Amayi ako ananditsegulira."

Kenaka analanda foni yanga, anatenganso ya amake, nathamangira m'nyumba. Atatuluka manja anali opanda kanthu. Anakwera pamwendo panga, nakhala bwinobwino ngati wakhala akukhalapo masiku onse.

"Mafoni aja waika kuti?" anafunsa Mwanaisha.

"Sindinena. Angalowemonso."

Tinawapeza madzulo a tsiku lotsatira, pansi pa dengu la utaka wouma, makasitomala a Mwanaisha ataimba mpaka kutopa.